Chithunzi cha pa firiji chandisandutsa namapopa

Agogo,

Ndine mnyamata wa ku Namwera koma ndimakhala ku Overport kuno ku Durban. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, osati chifukwa cha fizi ayi, aphunzitsi ndiwo anatopa ndi pakamwa panga. Lero pakamwa pomwepo pandipachika.

Ndimakolopa ndi kunyamula makatoni mu labu ya yunivesite ina. Labuyo ili ngati chigayo, aliyense amabwera ndi zake koma makina ndi omwewo. Gulu lina likufufuza za TB, lina shuga, lina impso, ndipo magazi a anthu awo onse amasungidwa m'mafiriji amodzi. Akuti akufuna adziwe chifukwa chake anthu a m'makomboni ngati KwaMashu ndi ife obwera timafa msanga kuposa a m'mayadi. Ine ndinawauza kuti yankho ndili nalo laulere, ndi umphawi, koma iwo akuti mpaka makina anene.

A gulu la impso ankafuna anthu ogwira ntchito zolemetsa. Mnzanga wa mudzi umodzi, Shaban, ankapakira katundu m'malole ku Prospecton ndipo mapazi ankamutupa. Ndinamuuza kuti, "Aise, tiye akakuyeze ulere, mwina apeza kuti m'mitsempha mwako mumayenda tiyi." Anapita. Anamutenga magazi, n'kupeza kuti impso zatha, n'kumutumiza ku chipatala. Kumeneko anati makina otsuka magazi ndi ochepa, ndipo munthu wopanda mapepala pa mzere sakhalapo. Shaban anamwalira mwezi watha. A ku mzikiti anamuika konkuno tsiku lomwelo, kwawo mtembo sanauone.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Shaban akadali moyo, ndinabwereka jasi loyera, n'kudzijambula pambali pa firiji, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu. Ndinalemba kuti, "Namapopa wamkulu ali pa ntchito. Shaban wapereka kale, ndani wina?" Anthu anaseka. Shaban mwini wake anayankha kuti, "Magazi angawo ndi giredi wani, usagulitse motchipa."

Eish, Agogo, chithunzi chija tsopano chikuyenda mudzi wonse, koma kuseka kuja kunatsalira m'mbuyo. Akuti ndinagulitsa mnzanga. Malata amene ndinawafolerera amayi akuwatcha malata a magazi. Zitumbuwa zawo pa msika palibe akugula, ku mjigo amayi anzawo amawathawa, ndipo anyamata ayamba kugenda nyumba. Mkazi wa malemu, Safina, anandibuloka. Mchimwene wake wa Shaban, Nasser, ndiye anandiimbira, amvekere, "Bweza magazi a m'bale wathu tiwakwirire. Ukapanda kutero tikawafuna kwa mayi ako."  Amayi pa foni amangoti, "Tili bwino, iwe gwira ntchito," koma ine mawu awo ndimawadziwa.

Ndaganiza chonchi. Firijiyo ndimaikolopera pansi tsiku ndi tsiku. Nditha kutulutsamo timabotolo tingapo n'kupatsira a thiransipota opita kumudzi. Vuto, pa timabotolopo palibe mayina, pali timizere takuda ngati pa paketi ya shuga. Koma magazi onse si ofiira? Nasser angadziwe bwanji? Mabwana sindinawauze kanthu, chifukwa chithunzicho chokha chikhoza kundichotsetsa ntchito, ndipo ambiri pano amandiyesa Mzulu wolankhula mokhotakhota. Ndithandizeni, mwana wanu wanzeru zoperewera.

J.H., Durban.

Mdzukulu wanga J.H.,

Pepa chifukwa cha imfa ya mnzako. Sunamuphe ndiwe. Unamutengera kumene anamuuza zoona za matenda ake, ndipo chitseko chimene chinamutsekera si iwe unachitseka. Chako ndi chithunzicho basi, koma nachonso si chaching'ono.

Firijiyo usaigwire. Timabotolo timene ungatenge ndi ta anthu ena, odwala amene anapereka magazi awo kuti ana awo adzapeze thandizo limene Shaban sanalipeze. Ukagwidwa ndi ndende, kenako kukuthamangitsa m'dzikomo. Ndipo taganiza bwino: tsiku limene magazi adzatsike m'galimoto pamudzi, ochokera m'manja mwako, udzakhala wawapatsa umboni umene pano alibe. Palibe adzanene kuti wabweza. Adzati, si awa ankasunga.

Yamba ndi amayi ako. Apite kwa achibale kutali ndi mudziwo, anene kuti akukaona odwala. Akana, chifukwa amayi onse amakana. Umiriza, ndipo pempha amalume ako akawatenge okha. Amalumewo akanenenso kupolisi za kugenda nyumba ndi za mawu a Nasser.

Kenako pita kwa amene akutsogolera kafukufuku wa impsoyo, uwaonetse chithunzicho ndi dzanja lako, uwauzenso kumene umachokera. Mwina ntchito ikuthera, sindikunamiza. Koma anthu a kafukufuku amakhala ndi munthu wolankhula ndi mabanja, ndipo ndi okhawo angazindikire timizere tija. Afunse ngati Safina, monga mkazi wa malemu, angapemphe kuti zotsala za mwamuna wake zichotsedwe, ndipo yankho akamupatse iwo eni, osati kudzera mwa iwe.

Pitanso kwa shehe amene anaswalitsa maliro a Shaban. Iwo pamodzi ndi amene anasambitsa thupi akudziwa mmene linalili. Apemphe aimbire shehe wa kwanu, alankhule ndi banjalo. Anthu aja sanaone mtembo, n'chifukwa chake akukhulupirira chilichonse. Mawu ako pano sagula kanthu, koma a shehe amveka.

Ukapeza mpata wolankhula ndi Safina, pepesa ndi mawu ochepa, osakometsera. Usamuuze kuti mwamuna wake nayenso anaseka. Wamasiye safuna kumva zimenezo.

Chenjezo langa ndi ili: usakwere basi kuti ukadzifotokozere wekha kumudzi, ndipo usadikire kuti mabwana kapena a shehe ayankhe kaye. Gulu la anthu likafika pakhomo silifunsa ngati kunali kucheza. Ika pansi nyuzipepalayi, uimbire amalume ako.

Agogo.