Njiwa za M'munda mwa Bambo

Lachinayi, 14 Disembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno sindikunamizani kuti tili bwino. Ndikulemba ndili pabenchi la kuchipatala, pakhomo la wodi ya ana. Mwana wanu Tsabola anagonekedwa Lolemba.

Mukuidziwa ntchito yanga ya ku labotale ija. Ndimatumbula mbalame zakutchire zimene alimi atola zitafa, n'kumafufuza nyongolotsi m'matumbo mwake. Chaka chino njiwa zagwa zambiri nthawi yofesa, ndipo akuluakulu akufuna kudziwa ngati kafesedwe kakukhudzana ndi nyongolotsizo. Bambo nawo afesa mapira mongomwaza monga mwa chizolowezi chawo. Za mizere ndi kukwirira amati n'zothyola msana. Mbewu yake ndi yogula ija, yopaka mankhwala ofiira.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Tsabola anabwera kuchokera kumunda atanyamula njiwa m'diresi lake, akuseka mano onse pamtunda. Amayi anakana. Anati, "Chofa chokha sichilowa mumphika mwanga." Bambo anati, "Aa, mayi, tifunse adokotala a mbalame ali apawa, nanga kusukulu tinawatumizira chiyani?"

Achemwali, mawu amenewo anandikoma. Ndinati, "Izi ndi nyongolotsi chabe. Tayani matumbo, muwotche bwino, zimafa ndi moto." Ndinayankhula ngati m'busa ali paguwa. Bambo anangolawa chifukwa cha mano awo aja. Amene anadya nthutumba zonse ndi Tsabola, ndipo ine ndinamuwonjezera gawo langa poona mmene ankanyambitira zala.

Lolemba m'mawa ndinatenga njiwa imodzi yotsala kupita nayo kuntchito. Masiku onse ndimangotsegula matumbo, poti nyongolotsi zimakhala mmenemo. Tsiku limenelo mpeni unaterera n'kuboola chithokomiro, ndipo pathebulo panakhuthuka mapira ofiira okhaokha. Mkulu wa kafukufuku anavula magalasi n'kuti, "Iyi sinafe ndi nyongolotsi. Palibe amene wadyako, eti?" Ndinati palibe. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanama. Ndinathamangira kunyumba chovala chakuntchito chili m'thupi, ndipo ndinapeza mwana ali pamiyendo ya Amayi, akusanza, manja akunjenjemera.

Adokotala ndawauza zonse, abwana a kuntchito aja ndawauzanso zoona. Adokotalawo akuti achita zimene angathe, chatsala n'kudikira. Ndikawafunsa ngati mwanayu achire, amayang'ana botolo la diripi.

Bambo sakudya. Amalawirira kumunda ndi khasu kukakwirira mbewu imodziimodzi, akuti anapha mdzukulu ndi ulesi wawo. Ndawauza kuti wolakwa ndine, koma sakumva. Amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi. Amangondipatsa madzi osandiyang'ana kumaso, ndipo bola akanandimenya. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndimangofika pa "Atate" basi, mawu ena amakana kutuluka.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, nthawi yake sinakwane. Ndikupempha kuti mubwere. Musadikire kuti akupatseni tchuthi, kwerani basi yoyamba imene muipeze. Mubweretse bulangete, m'wodi muno mumazizira.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwawerengere nokha kalatayi, ine sindingathe kuwayankha. Bambo akuti moni. Amayi akuti moni, akuti muyende ndi Mulungu. Tsabola ndinamufunsa m'mawa uno kuti, "Amayi ako ndiwauze chiyani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndine yani.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamusiyira mwana.