Kasefa ka Mumtsempha wa Atate

Zingalume, Chadiza

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu ku Kitwe kumeneko. Ife tilipo, koma atate sali bwino, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mukukumbukira kasefa kaja madokotala anawaika mumtsempha waukulu wa m'mimba, kogwira magazi oundana? Paja anati tidzapitenso akakachotse, atate n'kukana, amvekere mtedza sudikira munthu. Tsopano miyendo yonse yatupa ngati mitondo. Azakhali, osandiuza n'komwe, anaitana munthu wodzawatema mphini, kuiwala kuti atate amamwa mapiritsi osungunula magazi. Pochokera kudimba ndinapeza chitenje chimene anawamanga pamphinipo chanyoweratu, magazi osaleka. Tinathamangira nawo kukiliniki pangolo.

Magaziwo anasiya. Koma madokotala atawaunika kuchipatala cha ku Chipata, akuti kasefako katsekeka, kapendekeka, ndipo kamatirira kumtsempha. Okachotsa akuti ali ku Lusaka basi.

Atate akuti sapita, chimanga chikadali m'munda. Ine ndalankhula mpaka mawu atha. Chonde bwerani msanga, inu amakumverani. Chimanga chikaonongeka tidzabzala china, koma atate sitingawabzalenso.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tisiyenji