Pa Imfa ya Dr. Belita Mhone ndi Timabotolo Tawo Totayidwa Kudzala

Kwa Ada Noel Mhone, amuna a malemu, ana, abale ndi anansi onse a ku Kande,

Ife a Bungwe la Osamala Madzi m'dera la Chintheche tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva za imfa ya mbale wathu mwa Ambuye, Dr. Belita Mhone, amene Mulungu anawaitana Lachiwiri lapitali atangodwala masiku ochepa.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, mayi Mhone ankayenda pa sitima m'nyanja zamchere za kumpoto kwa dziko lapansi, kumene madzi amaundana, akufufuza mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso. Anatiphunzitsa kuti m'kapu imodzi ya madzi ozizira aja mumakhala mitundu yosawerengeka, ina yodya zofa, ina yokhala mumdima wa pansi penipeni, ndiponso kuti yambiri sidwalitsa munthu. Ankakonda kunena kuti Mlengi sanachite ulesi ngakhale kumene diso la munthu silifika. Atabwerera kwathu kuno, anatiyezera madzi a m'zitsime mwaulere, ndipo mawu awo sankasowa m'kwaya Lamulungu.

N'chifukwa chake zimene zachitika pamaliro zatinyansa, ndipo sitibisa. Thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba, anthu ena anatsegula filiji ya sola ya malemu, natulutsa timabotolo tosungiramo mabakiteriya aja, timene mayi Mhone anabwera nato kuchokera kozizira kuja, nakatitaya kudzala kuti m'filijimo mulowe nyama ndi zakumwa za alendo olemekezeka. Nditafunsa, mmodzi anandiyankha akuseka: "Ndi madzi chabe, ama. Nyanja si iyi?" Mabakiteriya a kozizira sapirira dzuwa la kuno. Pofika masana, thukuta la mayi wathu linali litafera pakati pa makoko a chinangwa, ndipo nyamayo ifenso tinadya nawo tisakudziwa. Ambuye atikhululukire.

Tamvanso kuti makope asanu ndi awiri amene malemu ankalembamo kafukufuku wawo akuti awotchedwe pa tsiku losesa, chifukwa ena akuti zojambula za m'menemo n'zamatsenga. Ada, tikukudandaulirani m'dzina la Ambuye, musalole. Umboni wa zimene anaona watsala m'makopemo basi, ndipo anzawo a kunja angathe kupitiriza pamene iwo analekera.

M'malo mwa mamembala onse ndikuti pepani, pepani ndithu. Mulungu wotonthoza amasiye akupukuteni misozi, ndipo akupatseni mphamvu yokanira ngakhale abale anu enieni. Loweruka m'mawa, pa tsiku losesalo, moto usanakolezedwe, tibwera atatu kudzakhala nanu pakhonde, ndipo sitinyamuka mpaka makopewo atasungika.

Wanu m'chisoni ndi m'chiyembekezo cha kuuka,

Flora Kamanga
Wapampando