Paipi Yodontha m'Sitima ya Efraín

3 Okutobala
Mwamuna wanga Efraín wabwera zovala zikununkha dizilo mpaka mwana kuyetsemula. Ndachapa kawiri, fungo osachoka. Akuti paipi ya mafuta ikudontha ku injini, pafupi ndi chitsulo chotentha. Wogwira pamenepo ndi iyeyo. Sitima yawo yapamadzi, ya asilikali, inyamuka sabata yamawa.
Ndati kanene. Akuti ananena kale kwa kopolo. Kopolo amauza maestre, kapitawo wawo, maestre amauza lefutenanti, kenaka wachiwiri kwa kaputeni, kenaka kaputeni mwini. Pamwamba pawo mkulu wa doko lonse la Veracruz. Efraín pansi penipeni. Kudumpha mmodzi, mlandu.

5 Okutobala
Yankho palibe. Maestre akuti anangoseka. "Mangapo nsanza, dona iwe. Ukuopa kuda m'manja?" Wamangadi nsanza. Wandiuza uku akudya nyemba, ngati nkhani ya mpira. Ine chakudya chakana kulowa.
Mwana wathu Citlali mano akumera, kulira tsiku lonse.

6 Okutobala
Ndauza Nayeli wa khomo loyandikana nafe. Mwamuna wake Ulises ali m'sitima yomweyo, koma amagwira kumwamba, ku zingwe. Mimba yakula, akuyenda atagwira msana. "Make Citlali, tseka pakamwa. Ife akazi tilibe nyota paphewa." Akuti nyumba zino n'za asilikali, kutitulutsa sikuchedwa. Ndipita kuti ndi mwana?

8 Okutobala
Katemera ku chipatala cha asilikali. Akazi a mabwana benchi lawo, ife lathu. Akazi a kaputeni analipo. Miyendo inangondipititsa yokha. Ndawauza zonse. Paipi, nsanza, ndi dzina la Efraín lomwe. Ndatchuliranji dzina?
Anandiyang'ana kumapazi. "Ndamva, mwanawe." Basi.
Efraín sindinamuuze.

10 Okutobala
Dzulo sanabwere. M'mawa kopolo pakhomo, kukana ngakhale khofi. Akuti Efraín amutsekera ku kampu. Mlandu wodumpha akuluakulu podzera mwa mkazi. Nkhani yatsika kuchokera kwa kaputeni, aliyense kukalipira wapansi pake, mpaka yathera pa iye. Kukwera inkakanika, kutsika tsiku limodzi.

11 Okutobala
Ndamupititsira chakudya. Osandiyang'ana. "Wandivula pamaso pa anzanga, Yesenia." Ukopolo womwe amaudikira wapita. Ulendowu sapita nawo.
Ndatuluka ndikulira. Koma m'basi mtima unakhala pansi koyamba sabata yonseyi. Mulungu andikhululukire, ndakondwa. Akwiye ali moyo.
Za paipi ndinafunsa. Akuti lefutenanti walamula kuti ikonzedwe akabwerako.

13 Okutobala
Sitima yanyamuka. Mphepo yakumpoto, nyanja bii. Ndinaperekeza Nayeli ku doko. Sanakweze dzanja ngati akazi ena.
Pobwerera ndipo analankhula. "Ulises amutsitsira ku injini. Pamalo pa mwamuna wako." Ndinafuna kumunyamulira chikwama, anakana.

14 Okutobala
Nayeli sanatsegule chitseko. Ndikumumva kuseri kwa khoma, akukolopa pokolopa kale.
Kaputeni ali panyanja. Pamwamba pake patsala mkulu wa doko. Lamulo lake lokha ndilo lingabweze sitima. Geti la ofesi yake ndimalidziwa, la asilikali ovala zoyera ndi mfuti.
Efraín akadali m'kati. Ndikapita amuchotsa ntchito, nyumba atilanda, ndipo sindikudziwa ngati adzandilankhulenso.
Citlali ndamusambitsa, ndamuveka diresi la kutchalitchi. Ndikumanga nsapato, ulendo wa ku geti lija. Basi ikubwera