Jombo Pakhomo

Lolemba, 3 Malichi

Ndasinza ndili chiimire pa perete. Sajeni wathunthu! Abwana sanakalipe, angonditumiza kwa aphungu kuchipatala. Aphunguwo andifunsa kuti tulo tenitenito ndinagona liti. M'malo moyankha ndangoyamba kulira. Manyazi bwanji.

Akuti Loweruka lililonse kuzibwera mayi wodziwa kusamala ana a vuto la otizimu ngati wangayu, ine ndizichokapo kukapuma. "Mukagwa inu, mwanayo amugwira ndani?" Bambo ake ali kunja kwa dziko ndi gulu lawo la asilikali mpaka chaka chithe.

Lachitatu, 5 Malichi

Mwana wanga Jenerale lero ali bwino. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, poti wolamula m'nyumba muno ndi iyeyo, chonsecho salankhula. Ndikaweruka amandivula jombo, n'kuzindandalika pakhomo pafupi ndi zakale za bambo ake. Akatero ndiye amadya.

Loweruka, 8 Malichi

Mayi aja abwera, munthu wofatsa. Ndavala jombo ngati masiku onse, mapazi angawa sadziwa nsapato ina. Ndisanafike ndi pageti pomwe, kukuwa. Ndabwerera chothamanga, ndamupeza Jenerale akudzimenyetsa mutu kukhoma. Ndamuzazira ngati ndikuzazira msilikali watsopano. Mayiwo angoti, "Khalani pansi kaye, amake mwana."

Kupuma kwathera pomwepo. Ndikudziopa.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndadwala mutu waukulu. Sitinatuluke.

Lachinayi, 13 Malichi

Bambo ake aimba. Ndawauza kuti za kupumazi zandikanika, mwina ndingosiya ntchito. Iwo angoyamba zoseka: "Nanga jombo zanga Jenerale akuzilonderabe?"

Akuzilonderadi. M'mawa uliwonse amazigwira, n'kupita kukasewera. Sanawalirepo bambo ake chichokereni. Kwa iye ali mommuno.

Pakati pa sabata amayamba ndi iye kunyamuka, galimoto ya kusukulu ikabwera. Loweruka lija kanali koyamba kuona jombo zanga zikutuluka.

Loweruka, 15 Malichi

Jombo ndazisiya pakhomo. Mayi aja atafika, ndamutsanzika Jenerale bwinobwino, ndatuluka ndi patapata wosambira, alonda a pageti akuseka chamumtima. Ndacheuka. Jenerale anali atagwada, akuwongola jombo yakumanzere kuti ifanane ndi inzake. Kenako wabwerera ku zitsekerero zake za mabotolo.

Ndapita kwa mnzanga wa kusitolo, wandiyalira pampando wautali. Ndimati ndingotseka maso pang'ono. Podzidzimuka dzuwa lapendeka, malovu patsaya. Ndalumphira foni.

Palibe waimba.

Ndatembenukira kukhoma, n'kugonanso.