Foni Yanga Ikuti Mwamwa Mankhwala

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Area 23 tilipo. Mpopi wathu uja wayambanso kudontha, ndaumanga ndi mphira. Nasuluma wapaseli pano anachira, mwana wamkazi, wonenepa ngati dzungu, ndipo akuti amutcha dzina lanu. Ndinapita kukamuona, ndinamunyamula, ndinamubweza kwa mayi ake. Amalume atumiza thumba la kachewere kuchokera ku Ntcheu, akuti munda wanu wa kudambo wabereka bwino chaka chino. Thumbalo lili pakhonde, sindinalimasule.

Koma chimene ndakulemberani ndi nkhani ya foni ija.

Mukumbukira adokotala atanena kuti mankhwala a BP musamadumphe ngakhale tsiku limodzi, Mavuto ankaimba kuchokera ku Joni m'mawa uliwonse kufunsa ngati mwamwa. Munatopa naye mwana wanuyo. Ndiye ine, ndi nzeru zanga za ku ofesi, ndinapanga tebulo la mizere pa intaneti loti tonse awiri tiziliona, n'kuika pulogalamu mu foni yanga. Sikisi koloko ikakwana alamu imalira. Ndikangoizimitsa, foni payokha imawonjezera mzere watsopano pa tebulopo: tsiku, nthawi, dzina lanu, ndi liwu limodzi, amwa. Sindinaikepo poti izindifunsa kaye ngati mwamwadi. Ndikanaikiranji? Alamu isanathe n'komwe inu mumakhala mutakhala kale pa bedi, kapu ya madzi ili m'manja.

Ndimakuonetsani mizereyo, inu n'kuseka. "Iwe Tiya, foni yakoyi ndi kazitape," mumatero. Tsiku lina munayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kupanga mizere si kulima, mwanawe. Uziona ngati mwadzalidwa kanthu." Ine ndinangoti amayi a kumudzi awa, chilichonse akuona munda.

Amayi, papita miyezi iwiri chikuikireni m'manda, ndipo foni ikupitirizabe. Alamu imalira, dzanja langa limaizimitsa, mzere umalowa. Ngakhale tsiku la maliro anu lenileni, tili ku Ntcheu, azimayi akuimba pa siwa, pali mzere wake: amwa. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimakwera minibasi, ndimabwerako. Pulogalamuyo kuizimitsa n'kungodina pamodzi basi, ndine ndinaipanga. Koma sindinadine. Musandifunse chifukwa, sindikuchidziwa.

Amene ikumupweteka ndi Mavuto. Mukudziwa kuti mapepala ake sanali bwino, kumaliro sanabwere, nkhope yanu sanaione. Lamlungu anaimba. Anati m'mawa uliwonse amatsegula tebulo lija asanapite ku ntchito, akaona mzere watsopano mtima umati phaa, ngati mulipo, kenaka amakumbukira. Akuti tsiku lililonse mukumumwalirira kachiwiri. "Achemwali, chonde, lembanipo zoona kamodzi kokha, nditseke," anatero. Mawu ake anali ngati a munthu wodwala, ndipo akuti ku ntchito amuchenjeza kale chifukwa chongoima n'kumayang'ana foni. Ndinamuyankha kuti chabwino, ngati akundituma sopo.

Lolemba sindinachite. Lachiwiri sindinachite. Lero masana, anzanga atapita kukagula chipisi, ndinatsala ndekha mu ofesi n'kutsegula tebulo lija pa foni. Ndinaganiza zofufuta mizere yonse yabodzayo, koma Mavuto sanapemphe zimenezo, anapempha mzere umodzi woona. Ndinadina powonjezera mzere ndi dzanja langa, koyamba chipangireni tebulolo. Ndinalemba tsiku limene munatisiya. Ndinalemba nthawi, ndinalemba dzina lanu lonse. Nditafika pa bokosi lomaliza, nditangolemba chilembo choyamba, foni inandimalizira yokha monga inazolowera: amwa.

Ndinaliyang'ana liwulo. Sipanafunike kufufuta chilichonse, Amayi. Panangotsala zilembo zinayi zoti ndiwonjezere kumapeto kwake. Ndinazilemba chimodzichimodzi, l, i, r, a, ndipo chala changa chinaima pomwepo. Lira. Chichewa chathuchi ndalankhula moyo wanga wonse, koma sindinaonepo kuti liwu lakuti amwalira limathera pamenepo.

Ndinasunga mzerewo. Ndinalowa mu pulogalamu ija n'kuizimitsa, alamu ndinaichotsanso. Mawa sikisi koloko m'nyumba muno mukhala zii. Mavuto mzerewo wauona, wangotumiza uthenga wa mawu, koma mulibe mawu, muli kusisima kokha kwa mphindi zitatu. Ndaumvetsera wonse mpaka kumapeto. Kenaka ndinabwerera pa kompyuta kukamaliza kalata ya abwana.

Ine sindinalirebe, Amayi. Ngakhale ku manda kuja maso anga anali ouma, azakhali mpaka ankandiyang'ana. Musaganize kuti sindikukondani. Ndimakukondani kwambiri, kungoti m'kati muno muli ngati mwendo wochita dzanzi. Zilembo zinayi zija ndalemba, chatsala n'kuchita zimene zikunenazo. Ndichita, ndikulonjeza. Mungondidikira pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike