Amuna anga akudikira makina a nyani

Aphungu,

Amuna anga, a Maliro, anali mlimi wa mpunga komanso ankaimba gitala mu kwaya ya kumpingo kwathu. Chaka chatha minibasi yomwe anakwera inagubuduzika pa Naisi, anavulala khosi. Mikono amatukula, koma zala zinangoti zii. Kuyambira pamenepo anasiya kucheza ndi anthu, ngakhale ine.

Mwana wathu Eliza atabwera ku holide anawaonetsa kanema pafoni. M'kanemamo nyani wina anamuika timawaya m'mutu, ndipo akafuna kupinda chala, dzanja la pakompyuta linkapinda chala chomwecho. Amuna anga anaonera mobwerezabwereza, kenako anaseka, koyamba chichitikireni ngozi. Anati, "Mayi a Eliza, ndiye kuti zala zanga zikadalipo m'mutumu!"

Pano amakhala pakhonde atatsinzina, akuti akuimba gitala mumtima. Akudya bwino, alendo akuwalonjera. Koma ku mafizo, kokawongola zala kuchipatala, akukana. Amangoti, "Asiyeni amenewo, ine ndikudikira makina a nyani aja."

Kodi zimenezi n'zoona? Kapena ndiwauze kuti ndi bodza kuti abwerere kuchipatala? Ndikuopa kuwabwezera mumdima uja.

P.M., Domasi

Mayi P.M.,

Musawanamize. Zimene anaonazo zilipodi. Akatswiri kunja amaika timawaya pa mbali ya ubongo yolamulira dzanja, kompyuta n'kuphunzira kuzindikira chala chomwe nyani akufuna kugwedeza. Ayesapo ndi pa anthu ochepa olumala. Amuna anu sanalakwitse: ubongo wawo ukutumizabe uthenga, kungoti ukukaduka pakhosi pomwe anavulalapo.

Chomwe sanamve n'chakuti makinawa akadali pa kafukufuku. Amafunika opaleshoni ya m'mutu, ndipo kuno sanafike. Palibe angakuuzeni chaka chomwe adzafike.

Ndiye khalani nawo pansi. Auzeni kuti zala zosawongoledwa zimauma n'kupindikiratu, ndipo zikafika pamenepo kudzaziwongola n'kovuta, ngakhale makinawo atabwera. Ngati akudikira, adikire ndi zala zofewa. Mupite nawo ku mafizo sabata ino, Eliza akaonetse adokotala kanemayo. Zoimba mumtimazo asasiye, akazifotokozenso komweko. Inuyo adokotalawo akakuphunzitseni kuwawongola zala kunyumba. Anzawo a kwaya aitaneni azidzaphunzirira nyimbo panu. Khutu la a Maliro silinavulale.

Koma chenjerani. Nkhani ikamveka, atulukira anthu pa WhatsApp otsatsa zipewa zamagetsi ndi mankhwala "odzutsa mitsempha". Chilichonse chomwe adokotala awo sanachione chisalowe pakhomo panu, ngakhale wobweretsayo akhale wachibale.